Kutsitsa mtima ndi nyimbo zofatsa: yambirani apa

Kuno ku Salima nyimbo sizisowa. Pa Kamuzu Road masipika amalimbana kuyambira m'mawa, wogulitsa mafoni uku, wa malo omwera uko, minibasi zopita ku Senga Bay nazo zili ndi zawo. Loweruka kuli zinkhoswe ndi maukwati, Lamulungu makwaya, ndipo kumadoko anyamata akamakoka khoka amaimba kuti mphamvu zigwirizane. Pafupifupi zonsezi ndi nyimbo zodzutsa thupi: zovina, zogwirira ntchito, zosonkhanitsa anthu. Chomwe ambiri sitinazolowere ndi kukhala pansi dala n'kumvera nyimbo ndi cholinga chimodzi chokha, choti mtima umene wakhala uli m'mwamba tsiku lonse ubwerere m'malo mwake.

Zimatheka, ndipo sizilira ndalama zambiri, koma zili ndi kachitidwe kake. Munthu amene amatsegula nyimbo yofatsa ali mkati mokwiya kapena mowerengera ngongole amaitseka posakhalitsa n'kumati ndi nyimbo za pamaliro. Nyimboyo imakhala ilibe vuto. Iyeyo ndiye amakhala wayambira polakwika.

Dziwani kaye mayina oti mufufuze

Mukalowa pa YouTube kapena pa Spotify, mayina awiri amene angakutsegulireni njira ndi new age ndi world music.

New age ndi nyimbo zopekedwa dala kuti munthu apumule, asinkhesinkhe kapena agone. Zinayamba kufala ku America ndi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970, ndipo pofika 1987 zinali zitakula moti mphoto za Grammy zinazipatsa gawo lakelake. Woyamba kupambana anali Andreas Vollenweider wa ku Switzerland, katswiri wa zeze wamkulu uja wotchedwa harp. Zambiri zilibe mawu. Mumamva piyano, chitoliro, gitala wosalumikiza kumagetsi, kapena kiyibodi yokoka liwu limodzi nthawi yaitali, mwina ataphatikizamo mkokomo wa madzi ndi kulira kwa mbalame. Odziwika kwambiri ndi monga Enya wa ku Ireland, amene amajambula mawu ake omwe kambirimbiri n'kuwasanjikiza mpaka kumveka ngati kwaya yathunthu, Kitaro wa ku Japan, amene anatchuka mu 1980 ndi nyimbo za pulogalamu ya pa wailesi yakanema yonena za njira yakale ya amalonda yotchedwa Silk Road, ndi Yanni wa ku Greece.

World music si mtundu umodzi wa nyimbo ayi. Mu 1987 eni makampani ang'onoang'ono ojambula nyimbo anakumana ku London n'kugwirizana za dzina limeneli, kuti m'masitolo mupezeke malo oikapo nyimbo za ku Africa, Asia ndi South America zomwe ogulitsa ankasowa poziika. Ndiye muli zonse, zovina mpaka thukuta kamukamu ndi zogonetsa mwana. Ngakhale anyamata athu a Madalitso Band akamaimba ku Ulaya ndi babatoni wawo amaikidwa m'gulu lomweli, koma inu mukudziwa kuti zawozo sizikhazika munthu pampando. Inu mukufuna zofatsazo, choncho pofufuza lembani dzina la chida, osati la gulu lonse.

Lembani kora. Ichi ndi chida cha ku Mali, Gambia, Senegal ndi Guinea, cha nsambo 21 zomangidwa pa theka la chipanda chachikulu chokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe. Toumani Diabaté wa ku Mali, amene anamwalira mu 2024, ndi mnzake Ballaké Sissoko ndi poyambira pabwino. Lembani bansuri, chitoliro cha nsungwi cha ku India, kapena shakuhachi, cha nsungwinso koma cha ku Japan. Lembani duduk, chitoliro cha ku Armenia cha liwu lolira ngati la munthu. Lembani morna, nyimbo za chisoni ndi kupukwa za ku Cape Verde zomwe mayi Cesária Évora anazitchukitsa dziko lonse akuimba opanda nsapato. Lembaninso mbira ya anansi athu a ku Zimbabwe.

Mukandifunsa ine, amene akuyamba kumene ayambire pa kora. Khutu lathu linazolowera kale nsambo zodoledwa ndi zala, zobwerezabwereza kachidutswa kamodzi uku zikusintha pang'onopang'ono, choncho silivutika kutsatira. Nyimbo za kiyibodi zopanda kugunda kulikonse zimamveka ngati zopanda mutu kwa munthu amene sanazizolowere. Zimenezo zibwere pambuyo.

Pali nkhani ina imene sindingaidumphe, poti kunyanja kuno tili Akhristu ndi Asilamu osunga chipembedzo. Dzina loti new age limatchulidwanso ku gulu la zikhulupiriro zina za kunja, ndipo zimbale zina zimakhaladi ndi mapemphero a zipembedzo zina. Ngati zimenezo zikukuvutani mumtima, musadzikakamize. Sankhani za zida zokhazokha. Nyimbo imene chikumbumtima chanu chikuikana singakupumitseni. Koma kutonthoza mtima ndi nsambo si chinthu chachilendo kwa owerenga Malemba: pa 1 Samueli 16:23 Davide ankaimbira Sauli zeze, mfumuyo n'kupeza bwino.

Zisonkhanitseni mosawononga bandulo

Musamamvere molunjika pa intaneti. Netiweki ikadukiza pakati, kapena kutsatsa malonda kukalowa mwadzidzidzi ndi phokoso, zonse zomwe mumamanga zagwa. Koperani nyimbozo mufoni. Tengani zongomvera, osati makanema. Nyimbo wamba ya MP3 imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ndiye ola lathunthu ndi cha m'ma 60 MB basi, pomwe kanema wa ola limodzi angathe kukumalizirani bandulo yonse. Ngati kampani ya foni yanu ili ndi bandulo ya usiku yotsika mtengo, gwiritsani ntchito imeneyo.

Amene muli ndi foni ya mabatani, memori khadi ndi yokwanira. Lembani mayina aja papepala, mupite nawo kwa mnzanu amene ali ndi kompyuta kapena foni yaikulu. Chofunika n'choti nyimbozi zikhale mu foda yakeyake, zisasakanikirane ndi zovina ndi maulaliki. Za oimba a kuno kwathu, gulani kwa eni ake kapena pamalo pomwe iwo amagulitsira. Amadyera momwemo.

Zisefeni ndi thupi lanu, masana

Si nyimbo iliyonse yolembedwa kuti yopumulitsa imene ingapumulitse inu. Musanaiike pamndandanda, iyeseni masana muli maso bwinobwino, osati usiku pamene mukuifuna.

Yambani ndi liwiro. Gogodani chala patebulo motsatira kugunda kwa nyimboyo, muwerenge kwa mphindi imodzi. Mtima wa munthu wamkulu amene akupuma umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, ndipo nyimbo zomwe ofufuza amakonda kugwiritsa ntchito pothandiza anthu kugona zimakhala za pakati pa 60 ndi 80. Mukapeza 120, imeneyo ndi yoyendera kapena yosesera pabwalo.

Kenako mverani mpaka kumapeto, osadumpha. Nyimbo zambiri zimayamba mwaulemu n'kudzakwera pakati, ng'oma ndi malipenga n'kulowa zonse pamodzi. Zina za Yanni zojambulidwa pamaso pa khamu zimatero. N'zokoma, koma zimadzidzimutsa munthu amene wayamba kuwodzera. Mukufuna yoyenda mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Chenjerani ndi mawu. Nyimbo ya m'Chichewa, ngakhale ikhale yofatsa bwanji, imakupatsani nkhani yoti muganizire. Ikanena za mwamuna wosakhulupirika, mwayamba kale kukumbuka za mchemwali wanu. N'chifukwa chake nyimbo za m'zinenero zomwe sitimva zimathandiza: mawu a munthu timawamva, kutentha kwake timakumva, koma mlandu wake sititenga nawo mbali. Chenjeraninso ndi nyimbo zomwe zili ndi mbiri pa moyo wanu. Imene inaimbidwa poika maliro a mayi anu ili ndi nthawi yake, koma si yogonera.

Chomaliza, funsani thupi. Nyimbo ikafika pakati, onani mapewa: akwera kapena agwa? Nsagwada zalumana kapena zamasuka? Mwausa moyo osadziwa? Kuusa moyo ndi kuyasamula ndi zizindikiro zabwino. Ngati mukungoyang'ana kuti itha liti, ifufuteni ngakhale mwiniwake atakhala wa mphoto khumi. Mukatsala ndi nyimbo 8 kapena 10 zomwe zapambana mayesowa, zakwana.

Kusanja: apa ndiye pagona nkhani

Anthu ambiri amalephera apa. Amaganiza kuti mtima ukathamanga kwambiri ufunika nyimbo yofatsitsitsa nthawi yomweyo. Koma tonse a kunyanja tikudziwa kuti mwera ukaleka kuwomba nyanja siimangoti zii pomwepo. Mafunde amapitiriza kumenya gombe, kumachepa pang'onopang'ono mpaka bata. Mtima nawo umatsika choncho.

Akatswiri othandiza odwala ndi nyimbo anazindikira zimenezi kalekale. Dokotala wa matenda a maganizo Ira Altshuler, amene ankagwira ntchito ku Michigan m'zaka za m'ma 1940, ankayamba ndi nyimbo yofanana ndi momwe wodwala alili panthawiyo, kenako n'kumasintha pang'onopang'ono kulowera komwe akufuna kuti wodwalayo afike. Njira imeneyi ikugwiritsidwabe ntchito mpaka lero.

Mlamu wanga ndi siginala pa doko lina ku Senga Bay. Usiku wonse amakhala m'bwato laling'ono, nyali zili ngwee, maso ali m'madzi kuyang'ana usipa, makutu ali ku injini ndi kukuwa kwa anzake a khoka la chilimira. Amafika kunyumba dzuwa litatuluka, thupi lili lefu koma mutu ukadali panyanja: mafuta agula zingati, ndowa zatuluka zingati, mwini boti anena chiyani. Tsiku lina anatenga nyimbo za chitoliro mufoni mwanga kuti akayese kugonera. Mawa lake anabwera nkhope ili gwaa.

“Alamu, nyimbo zanu zija zandikwiyitsa. Munthu mtima uli phaphapha, wina akungoliza kachitoliro ngati palibe chachitika.”

“Nanga mukamatsika m'boti, alamu, m'mutu mwanu mumakhala mukulira nyimbo yanji?”

Anatchula ya gitala imene anyamata amakonda kuika pa doko. Tinaika imeneyo poyamba, kenako gitala wa Ali Farka Touré wa ku Mali, amene amayenda ndithu koma mosathamanga, kenako za kora ziwiri, chitoliro chija n'kukhala kumapeto kwenikweni. Masiku ano amati chitolirocho sachimva n'komwe, chifukwa chimamupeza atagona.

Ndiye sanjani motere, kwa mphindi 30 kapena kupitirirako pang'ono. Yoyamba ikhale yoti ikulandireni momwe mulili, ngakhale itakhala ya kwathu konkuno ya mawu, bola isakhale yaphokoso kwambiri. Yachiwiri ikhale yotsikirako, yokhala ndi kugunda komveka koma kopanda ng'oma zolemera. Pakatikati payikidwe za nsambo, ziwiri kapena zitatu, ndipo chigawo chimenechi ndicho chikhale chachitali. Kumapeto ndiye kubwere zija zokoka liwu limodzi, zopanda kugunda. Onetsetsani kuti batani losakaniza nyimbo, lolembedwa shuffle, ndi lotseka, apo ayi foni idzakusanjirani zake.

Izi ndi za mtima wothamanga: nkhawa, mkwiyo, kutopa kosagonetsa. Mtima wolemera ndi chisoni umafuna mndandanda wina, woyenda mobwerera. Munthu amene waferedwa kapena banja lamuthera mukamuikira nyimbo yachisangalalo amamva ngati mukumunyoza. Ayambe ndi yolira naye, monga duduk kapena morna. Ikamutulutsa misozi, pabwere ya kora yowala pang'ono, kenako mbira yokhala ndi kakugunda kodzutsa, kuti pomaliza athe kudzuka n'kukasamba kumaso. Musasiye munthu wachisoni pa nyimbo yachisoni mpaka kumapeto. Choncho khalani ndi mafoda awiri, wina wotsitsa, wina wodzutsa, ndipo musanatsegule dzifunseni kuti lero mtima ukuthamanga kapena walemera.

Malo ndi nthawi

Sankhani nthawi imodzi n'kuisunga. Thupi limaphunzira. Mukamamvera mndandanda womwewo nthawi yomweyo tsiku ndi tsiku, pakapita masiku mudzaona kuti nyimbo yoyamba ikangoyamba mapewa ayamba kale kugwa. N'chifukwa chake simuyenera kusintha nyimbo sabata iliyonse. Kwa ambiri nthawi yabwino ndi mutadya mgonero, mbale zitatsukidwa. Kwa asodzi ndi alonda ndi m'mawa.

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene malata amatentha mpaka pakati pa usiku, m'chipinda simukhalika. Yalani mphasa pakhonde, koma valani zofika m'mikono ndi m'miyendo, ndipo tulo tikayamba kubwera lowani mu neti. Udzudzu wa kuno suona kuti munthu akupumula.

Uzani a m'nyumba. Mawu ochepa okha, oti “Amayi a ana, ndipatseniko kanthawi, ndikatha ndikuitanani,” amachotsa kukayikirana kumene kumabwera munthu akangodzipatula ndi foni. Mawa muwapatsenso iwo nthawi yawo, inu mutenge mwana. Amayi ambiri amene amayanika nsomba pa thandala tsiku lonse n'kudzaphikanso madzulo ndiwo ofunika mphindi zimenezi kuposa wina aliyense pakhomopo. Foni muiike pa flight mode. Uthenga umodzi wa pa WhatsApp wokumbutsa za ngongole ya banki mkhonde ungathe kufafaniza mphindi 20 za kora.

Kugombe n'kokoma, koma kumeneko vulani mahedifoni. Opanga nyimbo za new age amachita kujambula mafunde n'kumagulitsa, ife tili nawo aulere. Komanso madzulo, makamaka pafupi ndi mabango ndi pothira mitsinje monga Linthipe, Bua ndi ku Chia, kuli ng'ona ndi mvuu, ndipo makutu anu ayenera kukhala otsegula. Chimodzimodzi pamsewu wa M5: a kabaza, oyendetsa galimoto, ngakhale oyenda pansi, nyimbo zogonetsa si za paulendo.

Kumvera kwenikweniko

Khalani motsamira khoma kapena gonani chagada, dzanja limodzi pamimba. Nyimbo yoyamba musachite nayo chilichonse, ingoisiyani ilire. Yachiwiri ikayamba, yambani kusamala mpweya. Kokani ndi mphuno mukuwerenga mumtima mpaka 4, mimba ikweze dzanja lija, kenako tulutsani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Mukatero mukupuma pafupifupi kasanu ndi kamodzi pa mphindi. Kutulutsa kuzikhala kotalika kuposa kukoka, chifukwa mtima umafulumirako pang'ono munthu akamakoka mpweya ndipo umachedwerako akamautulutsa. Mukatalikitsa kutulutsako mukuthandiza mbali ya mitsempha imene imapumitsa thupi. Mukamva chizungulire, siyani kuwerenga mupume mwachizolowezi.

Tsopano sankhani chinthu chimodzi m'nyimbomo n'kuchitsatira. Pa kora, mwachitsanzo, zala zazikulu zimagwira nsambo za mawu okulu zomwe zimabwereza kachidutswa kamodzimodzi, pomwe zala za mkombaphala zimathamanga pamwamba ndi tinsambo tating'ono. Siyani zothamangazo, gwirani za pansizo. Zikazungulira n'kubwerera poyambira, inu muzikhala mukuzidikira pomwepo. Pa chitoliro, mverani pomwe woimbayo akukokera mpweya. Pa shakuhachi kupuma kwake kumamveka bwinobwino, ndipo posakhalitsa mudzapezeka mukupuma naye limodzi.

Maganizo adzabwera ndithu: fizi ya ana, mtengo wa feteleza, mawu amene apongozi ananena dzana. Musalimbane nawo, ndipo musadzidzudzule kuti mwalephera. Mukangozindikira kuti mwachoka, bwererani ku nsambo zija. Mudzachoka kambirimbiri, mudzabwerera kambirimbiri, ndipo ntchito yake ndi yomweyo. Ngati pali ganizo limodzi louma khosi, monga munthu woti mumuimbire mawa, lilembeni papepala pafupi nanu kuti mutu usiye kulisunga.

Nyimbo yomaliza ikatha, musathamangire kudzuka kapena kuyatsa foni. Khalani chete mphindi ziwiri. Mu 2006 ofufuza motsogozedwa ndi Luciano Bernardi wa ku Italy anayeza anthu akumvera nyimbo zosiyanasiyana, ndipo anapeza kuti kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi zinkatsika kwambiri pa kanthawi kachete ka mphindi ziwiri koikidwa pakati pa nyimbo, kuposa momwe zinalili asanayambe n'komwe kumvera. Ambiri amataya mphindi zimenezi, chonsecho ndi zomwe amavutikira.

Samalani makutu

Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera phokoso la 80 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), ndipo phokoso likakwera maolawo amachepa msanga. Poti sitiyenda ndi choyezera, chitani izi: voliyumu isapitirire pang'ono chabe pa theka, ndipo munthu akakuyankhulani ali pafupi muzitha kumumva mahedifoni ali m'makutu. Nyimbo yofatsa imakoma ikamamveka chapansipansi.

Pogona, kasipika kakang'ono kapena foni yomweyo itaikidwa pampando ndi bwino kuposa kugona ndi zingwe m'khosi ndi timahedifoni tokanikiza khutu usiku wonse. Mapulogalamu ambiri oimbira nyimbo ali ndi sleep timer, yomwe imazimitsa yokha nthawi imene mwaika ikakwana. Foni yomwe ili pa chaja musaiike kunsi kwa pilo, imatentha.

Misozi ikabwera, ndi pomwe nyimbo zimalekezera

Anthu ena amadabwa kuti nyimbo yopanda mawu yawaliritsa, makamaka abambo amene anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira. Si zoopsa. Tsiku lonse timakhala titadzimanga kuti ntchito iyende, ndipo tikamasuka zomwe zinatsekeredwa zimatuluka. Zisiyeni zituluke, mndandanda upitirire mpaka kumapeto.

Kuti nyimbo zimathandiza si nkhambakamwa. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wophatikiza mayeso oposa 70 a odwala ochitidwa opaleshoni, ndipo anapeza kuti amene ankamvera nyimbo ankamva ululu wochepa ndi nkhawa yochepa. Bungwe la Cochrane, lounika kafukufuku wa zaumoyo, nalo linaunika mayeso a anthu osowa tulo n'kupeza kuti omvera nyimbo tsiku ndi tsiku, kwa mphindi zapakati pa 25 ndi 60, ankanena kuti akugona bwinoko.

Komabe ndikupempheni ndi mtima wonse: nyimbo si mankhwala a BP, shuga kapena khunyu. Amene muli pa mankhwala pitirizani kumwa monga anakuuzirani kuchipatala. Ndipo ngati padutsa masabata awiri mukusowa tulo, chakudya sichikulowa, zomwe munkakonda sizikukusangalatsaninso, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsera moyo, musadzitsekere m'chipinda ndi mahedifoni. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, mupite limodzi kuchipatala cha boma mukafunse a zaumoyo wa maganizo. Mukaona kuti nyimbo zasanduka pobisalira kuti musakumane ndi anthu, zichepetseni, mupite kukacheza.

Pomaliza pake, funani zathu

Mukazolowera kora ndi zitoliro za kutali, khutu lanu lidzayamba kufuna zomwe agogo athu ankachezera nazo madzulo. Sansi, ija ena amati kalimba, ndi kathabwa kokhala ndi tizitsulo tosulidwa, nthawi zambiri ta masipoko a njinga, todoledwa ndi zala zazikulu, ndipo ikaikidwa m'chipanda mawu ake amakula. Bangwe ndi thabwa la nsambo zingapo, lomwe mwamuna ankaimba yekha akudandaula za moyo. Kaligo ali ndi nsambo imodzi yokhwekhwesa ndi kauta. Mkangala ndi uta wa bango woimbira pakamwa, wa atsikana ndi amayi, wa mawu otsika moti amaumva bwino ndi mwiniwake yekha. Zida zimenezi sizinali za pabwalo la gule. Zinali za munthu mmodzi ndi mtima wake, ntchito yomweyo imene a new age anadzaiyamba m'zaka za m'ma 1970.

Mu 2020 bungwe la UNESCO linaika luso lopanga ndi kuimba mbira ndi sansi, la Malawi ndi Zimbabwe, pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Zojambulidwa zakale ziliponso. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula oimba a m'midzi, ndipo zomwe anajambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Mukalemba dzina lake pamodzi ndi Nyasaland kapena bangwe pa intaneti, zina mudzazipeza.

Koma chabwino koposa ndi kufunsa kumudzi kwanu, kaya ndi kwa Khombedza, kwa Maganga kapena kwa Malengachanzi, ngati kukadali mkulu amene amaimba chimodzi mwa zida zimenezi. Mukamupeza, musafike ndi foni m'manja. Pitani kaye kukacheza, mutenge kasopo kapena shuga, mumve nyimbo zake ndi nkhani zake. Ulendo wachiwiri ndi pomwe mupemphe: “Agogo, mungalole ndijambuleko kuti ndizimvera kunyumba?” Akalola, sankhani m'mawa kapena madzulo mphepo itagwa, kutali ndi chigayo ndi msewu. Ikani foni pampando, pafupifupi mkono umodzi kuchokera pa chidacho, osati m'manja mwanu poti zala zimachita phokoso. Apempheni aimbe zofatsa, zomwe amaimba akakhala okha, ndipo musawadule ngakhale nyimbo imodzi itatenga mphindi 10. Mukatha athokozeni ndi kangachepe, muwamvetsere zomwe mwajambulazo, ndipo musaziike pa Facebook kapena pa TikTok iwo ndi ana awo asanavomere. Kunyumba, ziyeseni masana monga munayesera zina zija, kenako ziikeni pakatikati pa mndandanda wanu, pamalo a nsambo paja.